Chulu chofuka pansi pa nyanja

Dzulo masana malungo atandigwetsa pamphasa, ndinalota maloto amene mpaka pano andikhala pamtima.

Ndinalota ndili pansi penipeni pa nyanja yamchere, kumene dzuwa silifika. Madzi ankandipsinja pachifuwa ngati thumba la chimanga, koma ndinkapuma. Patsogolo panga panali chulu chachitali kuposa mlambe, chikulavula utsi wakuda, wotentha, wonunkha mazira ovunda. M'mbali mwake munkanyezimira golide ndi mkuwa, ndipo tinkhanu toyera topanda maso tinkayenda pamenepo.

Kenako ndinaona amuna anga, bambo a Tadala, amene anapita kokakumba golide chaka chatha. Anali m'dzenje patsinde pa chulucho, akukumba ndi khasu lalifupi ngati la adzukulu kumanda.

"Tulukanimo, chikugwerani ichi," ndinatero.

Sanandiyang'ane. Anangondipatsira mwala wonyezimira, nati, "Manga pachitenje. Ine ndatsala pang'ono."

Mwalawo unandiwotcha chikhatho. Chulu chinayamba kung'aluka, ine n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu.

Kwathu kulota munthu akukumba dzenje sitikuonera bwino. Nditawafotokozera apongozi anga, anati, "Ndi malungo amenewo, mwana wanga." Koma anasiya kusola mtedza.

Mwina ndi malungodi. Nanga ine nyanja yamchere ndinaionera kuti?

Lero m'mawa ndinaimba foni ya amuna anga. Inalira kanayi, kenako anayankha munthu wa mawu achilendo.

"Pepani mayi," anatero. "Eni foniyi ndi ndani wanu?"