Siginecha ya pa Fulo ya Leveni

"Zaka zinayi! Zaka zinayi ndikudikira zomwe unandilonjeza, lero ukuti nditsike ine?"

Mayi Winfrida ankayankhula foni ataipanikiza ndi phewa, manja akumanga mabatani a shati ya amuna awo. Woimbayo anali Paterson, khansala wa dera lawo ku Thamesmead, kutsidya kwa nyanja, mwana wa mnzawo wa kutchalitchi. Ali wamng'ono ankamusiya kwa iwo mayi ake akapita ku ntchito.

"Anti, ndaimika galimoto poletsedwa, andilipiritsa. Kungosaina basi, mphindi ziwiri."

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Kwera."

Anadula foni.

Iwo ankakhala pa fulo ya leveni, ndipo lifiti inali itafa kwa milungu isanu ndi umodzi. Kufa inayamba kalekale, mwezi uno yadzuka, mwezi wamawa yagona, koma ulendo uno inagoneratu. Amuna awo, Bambo Killian, chiwagwirireni sitiroko, ankayendera wilitcheya. Milungu yonseyo dzuwa ankaliona pawindo. Kawiri anali atajomba ku mafizo, komwe ankawaongola ziwalo, ndipo kalata yochokera kuchipatala inanena mosabisa kuti akajombanso kachitatu awachotsa pamndandanda. Kachitatu kake kanali lero, thu koloko. A galimoto yachipatala anati afika wani koloko, koma adikira pansi.

Chisankho chapitacho, Paterson anakhala pa sofa yomweyi, anadya mpunga mbale ziwiri, nalandira siginecha ya Mayi Winfrida pa fomu yake yoimira ukhansala. Potuluka anagwira pachifuwa. "Lifiti iyi ndiye nkhani yanga yoyamba, Anti." Chiwinireni, sanapondemonso.

Panapita mphindi khumi asanagogode. Analowa akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu, tayi ili paphewa, envelopu kudzanja lina, jumbo kudzanja lina.

"Eee, masitepe amenewa! Ankolo, mwadzuka bwanji?"

Bambo Killian anagwedeza mutu. Mawu ankawavuta kutulutsa.

"Iwe wakwera kamodzi," anatero Mayi Winfrida. "Ine ndimakwera kawiri patsiku, nditaima maola thwelofu kusambitsa nkhalamba za eni. Khala pansi usanatigwere muno."

Paterson anatsegula jumbo ija. Munali chitenje chatsopano, nkhope yake itasindikizidwa paliponse, akumwetulira mano onse panja.

"Zafika dzulo kuchokera ku Limbe. Choyamba ndi chanu."

Mayi Winfrida anachitambasula, nachiyang'ana uku ndi uku. "Ndikavala chimenechi nkhope yako ikhala kumbuyo kwanga. Ndizikukhalira m'basi. Wagwirizana nazo?"

Paterson anaseka pang'ono, kenaka anatulutsa fomu. Anafotokoza mofulumira. Woimira ukhansala amafunika anthu awiri a m'dera lomwelo, olembetsa mavoti, kuti amusainire. Mmodzi mwa omwe anamusainira anapezeka kuti anasamukira ku Ilford chaka chatha, ndipo ku ofesi ya zisankho anamubwezera fomuyo m'mawa womwewo. Ikakwana folo koloko asanaibweze, dzina lake silioneka pa pepala lovotera.

"Ndiye wakumbuka kuti ku Thamesmead kuli Anti."

"Ayi, si choncho ayi."

"Kapepala kako ka kampeni uli nako? Tulutsa. Ine sukulu ndinalekera sitandade folo, undiwerengere wekha zomwe ukufuna kutichitira."

Paterson anakatulutsa m'thumba la jekete, nakonza pakhosi. Choyamba, maluwa ndi mabenchi m'mbali mwa mtsinje. Chachiwiri, malo oimikapo magalimoto pafupi ndi mashopu. Chachitatu, chikondwerero cha zikhalidwe chaka ndi chaka, mitundu yonse izibwera ndi magule ndi zakudya zakwawo.

"Pitiriza."

"Zathera pomwepo, Anti."

"Lifiti ili nambala chani?"

"Lifiti si ya khonsolo kwenikweni. Ndi ya kampani yomwe imayang'anira nyumbazi."

"Tsiku lomwe unkadya mpunga wanga inali ya ndani?"

"Ndinawalembera maimelo, Anti. Atatu. Ndikhoza kukuonetsani."

"Imelo imanyamula munthu? Benchi lakolo akakhalepo ndani, poti okalamba onse a m'nyumba muno atsekeredwa m'mwamba ngati nkhunda? Mayi wa pa fulo ya naini mwana wake amamutumizira chakudya ndi anthu odutsa. Iwe ukuti magule!"

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali hafu pasiti thwelofu. Anapita kukhitchini, nabwerako ndi mpando wathabwa wolimba, nauika pakati pa balaza.

"Tamvera, ine za malonda ndimazidziwa, ndinagulitsapo kaunjika ku Ndirande zaka khumi. Iwe ukufuna dzanja langa, ine ndikufuna msana wako. Ankolo ako tiwakhazika apa, tiwamanga bwinobwino. Iwe ugwira kutsogolo, ine kumbuyo. Kunyamula odwala ndi ntchito yanga, ndikuuza popondera. Tizipuma fulo iliyonse. Tikafika pansi, ndikusainira pa boneti ya galimoto yakoyo. Folo koloko ikadali kutali."

Paterson anayang'ana mpandowo, nayang'ana Bambo Killian, nayang'ana nsapato zake.

"Anti, sainani kaye, kenaka tione chomwe tingachite."

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ndinasaina kaye zaka zinayi zapitazo."

"Komatu malamulo a kuno salola. Atati agwe? Mawa ndili m'nyuzipepala, khansala wavulaza wodwala. Ndiponso msana wangawu adokotala anandiletsa kunyamula zolemera."

"Bokosi la abambo ako unanyamula ndi msana uti? Ankolo akowa ndi amene anayenda khomo ndi khomo mpaka ku Romford kusonkhetsa anthu kuti maliro apite kumudzi. Miyendo yomweyi."

Nkhope ya Paterson inawala ngati wakumbukira kanthu, ndipo anatulutsa foni.

"Mukudziwa, Anti, nkhani imeneyi ndi yamphamvu. Tiwatulutse Ankolo pakhomo la lifiti, ine ndiime pambali pawo, mutijambule. Ndikaiika pa intaneti madzulo ano, kampani ija ichita manyazi. Anthu aonanso kuti khansala wawo amafika pomwe pali mavuto."

Anali atakweza kale foni kuti ayese kuwala. Bambo Killian anatembenuzira nkhope kukhoma. Pang'onopang'ono anakweza dzanja lawo lamoyo, naphimba mbali ya pakamwa yomwe inapindika.

Mayi Winfrida anaona. Mtima unawaphulika.

"Tsitsa chimenecho! Tsitsa ndisanachiponye pawindo! Kunyamula ayi, msana. Koma kuima pambali pa munthu wodwala ukuseka ngati pa chitenje chakochi, pamenepo msana suwawa? Mwamuna wanga si chikwangwani!"

"Anti, musakwiye. Ganizirani bwino. Ndikagwa ine, m'khonsolo monse mulibenso Mmalawi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Nsabwe yake ndiwe."

"Ndiye simusaina?"

"Sindisaina. Lero ayi, mawa ayi. Ukawauze amayi ako kuti ndakana ndine, Winfrida, asavutike kufunsa kutchalitchi. Tenga nsalu yako. Zitseko zilipo zambiri potsika, uzigogoda. Onse ali momwemo, alibe kolowera. Ukawawerengere za maluwa."

Anatsegula chitseko, naima pambali. Paterson anasonkhanitsa mapepala ake, natsanzika Bambo Killian ndi mawu apansipansi, natuluka. Mayi Winfrida anamva nsapato zake zikutsika. Pa fulo ya teni zinaima, panamveka kugogoda. Palibe anatsegula.

Mayi Winfrida anatseka chitseko, nachitsamira. Wotchi inati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti galimoto yachipatala ifike, ndipo mpando uja unali pomwepo, wopanda woti agwire kutsogolo.

"Winfrida," anatero Bambo Killian movutikira. "Zi... zisiye."

"Sindisiya."

Pansi, kuseri kwa chitseko, panali timapepala ta opikisana ena tomwe anthu ankalowetsa pa kabowo ka makalata. Anatola kamodzi. Panali chithunzi cha mayi wina wa imvi, wovala jekete la mvula, yemwe sanamuonepo chibadwire. Mawuwo sanavutike nawo. Manambala okha ndiwo ankawawerenga bwino, ndipo nambala ya foni inalembedwa ikuluikulu m'munsi.

Anaiimba nambalayo, foni inaitana kanayi. Atayankha mayi wa pa chithunzi uja, Mayi Winfrida sanapereke ndi moni yemwe. Anayankhula Chingerezi chawo cha kuntchito, chothyokathyoka koma chomveka.

"Ndinu mukufuna ukhansala? Chabwino. Kuno kuli mavoti awiri, pa fulo ya leveni, lifiti yakufa. Sindikufuna lonjezo, sindikufuna chithunzi. Ndikufuna anthu awiri amphamvu pakhomo panga isanakwane wani koloko. Muli nawo kapena ndiimbire wina?"

Mayi uja anafunsa nambala ya nyumba.

Mayi Winfrida anamuuza, nadula foni, nagwada kuyamba kuwaveka nsapato amuna awo.