Mabowo Amene Sanayenera Kutsekeka

Namakoswe analephera kukhala pansi. Ankachoka pachitseko kupita pazenera, n'kubwereranso, makina ojambula mafupa akung'ung'udza ngati firiji yakale.

"Achemwali, mutiboolera simenti," anatero wojambula, maso ali pakompyuta. "Zoboolazo zithere pa makoswe anuwo."

Dzina loti Namakoswe anam'patsa ndi alamu ake chifukwa cha ntchito yake. Miyezi ingapo m'mbuyomo anagoneka makoswe ndi mankhwala, n'kuboola chigaza cha aliyense, bowo lalikulu moti fupa silingalitseke palokha. Ena anawamata phala la makoko a mazira limene anakonza yekha. Ena anawasiya opanda kanthu kuti pakhale pofanizira. Digiri yake inkadalira kusiyana kwa magulu awiriwo.

Zithunzi za omatidwa phala zinayamba kutuluka. Fupa loyera linali litadzaza bowo lililonse. Namakoswe anagwira pakamwa.

"Tiyeni tione enawo."

Wojambula anadina. Anadinanso. Kenako anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Mwasokoneza makola," anatero Namakoswe.

"Nambala zili m'makutu mwawo, achemwali. Awa ndi osamatidwa."

Nawonso mabowo awo anali atatsekeka.

Sanafunse chifukwa. Anakumbukira mawu a woweta makoswe tsiku limene anakawatenga: "Akuluakulu atha, mayi. Awa ndi ana, dikirani akhwime." Iye sanadikire, chaka cha sukulu chinali kutha. Ankadziwa ndithu kuti fupa la mwana limadzilumikiza lokha, koma anadziuza kuti bowolo n'lalikulu mokwanira.

Foni inalira. Anali amuna ake.

"Mayi a mwana, zili bwanji kumeneko?"

"Achira onse."

"Onse? Ambuye alemekezeke! Ndiwauze amayi asoketse diresi ya tsiku la digiri."

"Musawauze kanthu."

"Aa! Kodi inu mumafuna afe?"

Anadula foniyo, n'kuyambanso kuyendayenda.

Wojambula anakhosomola. "Mwa osamatidwawa pali awiri amene mabowo awo sanatsekeke bwinobwino. A Pulofesa anu akaona amenewo okha..." Anakweza mapewa. "Ine sindinanene kanthu."

Namakoswe anayang'ana zithunzi ziwirizo nthawi yaitali. Zinali zokongola. Pakati pa chilichonse panali kamdima kozungulira, ndendende kamene ankalota.

Anatuluka, nalowa m'chipinda cha makola. Munkanunkha utuchi. Anatenga khoswe mmodzi wa osamatidwawo, n'kum'sisita pamutu ndi chala. Pansi pa ubweya panali polimba ngati mwala. Khosweyo anam'nunkhiza chikhadabo, ndevu zikunjenjemera, kenako anayamba kudzinyambita miyendo.

"Wandiwonongera chaka iwe," anam'nong'oneza. Anam'bwezera m'khola pang'onopang'ono.

Atabwerera anapeza wojambula akuyembekeza, dzanja lili pa batani.

"Ndisindikize zingati?"

"Zonse."

"Zonse zenizeni?"

"Simunamve?"

Makina osindikizira anayamba kulavula mapepala. Namakoswe anaimbira woweta uja, nam'pempha makoswe okhwima, ngakhale kudikira kwake kutalike bwanji. Kenako anakumbatira mulu wa zithunziwo, ukadali wofunda, n'kukwera masitepe.

A Pulofesa anatsegula chitseko akumwetulira kale.

"Tiuzeni zabwino. Phala lija lagwira?"

"Sindikudziwa, bambo," anatero Namakoswe. "Ndikhale pansi?"