Chitseko Pakati pa Isake ndi Amayi Ake

Azakhali Zipora anali ndi sewero lathunthu m'mutu. Osati kasewero ka ana ayi, koma loyimba kuyambira poyamba mpaka pothera, la mnyamata Isake amene anapita kumigodi ku Joni n'kukhalitsa, amayi ake mpaka kumulira ali moyo. Amene analipeka ndi achimwene awo, malemu aphunzitsi a Jeremiah, ndipo linaonetsedwa kamodzi kokha, ku Nathenje, Azakhali akadali namwali. Tsikulo kunali mpira kuseri kwa tchalitchi. Chigoli chitangolowa anthu onse anathamangira komweko, Isake n'kufika kwawo kupeza mabenchi okhaokha. A Jeremiah anamwalira ali okhumudwa, nyimbo zija n'kutsala mwa Azakhali okha. Iwo akapita, zapita.

Ndiye chaka chino abusa analengeza kuti makwaya akakumana ku Nathenje komweko, ndipo iwo a ku Mitundu kuno apite ndi chachilendo. Azakhali anadzambatuka osadikira kuti awaloze.

"Chachilendo ndili nacho ine, abusa! Koma anthu ndisankha ndekha. Akwaya anuwa amayimba ngati akuopa kudzutsa mwana."

Kuyambira pamenepo, pabenchi yawo ya tomato pamsika panalibenso malonda. Ogula ankadziikira okha m'jumbo, eni ake makutu ali kwina. A Gift ogulitsa nyama akangokalipira agalu, Azakhali m'manja phwa! "Kapitawo wa mgodi uyo!" Rozina wa pachigayo, amene akaseka makina samvekanso, anamupatsa malo a mkazi wa ku Joni woiwalitsa Isake kwawo. Amayi ake a Isake sanavute. Mayi Everlyn, oyambitsa nyimbo pamaliro, akangotsegula pakamwa ngakhale okumba manda amaimika makasu.

Nanga Isake mwini wake? Azakhali anamumva pasiteji ya minibasi. Rodgers woitanira minibasi ankakuwa kuti, "Tauni! Tauni! Watsala mmodzi!" m'galimoto muli dalaivala yekha.

"Mnyamata wonama mokoma chonchi," anatero Azakhali, "ndi Isake ndithu ameneyu."

Aliyense anamuphunzitsa payekha. Rodgers ankaphunzira pasiteji minibasi ikachoka, mayi Everlyn pakhonde akutonola chimanga. Azakhali ankayenda akuvina okha mumsewu, anyamata a kabaza n'kumawalambalala.

Onse pamodzi anakumana kutchalitchi Lachinayi, ulendo uli Loweruka. Rodgers anali kutsogolo ndi sutikesi yake mayi Everlyn akulowa. Abale inu! Mayiwo anatembenuka ngati aponda moto, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Rodgers anaponya sutikesi n'kutulukira pawindo.

"Kodi mwaona njoka?" anafunsa Azakhali.

Rozina anagwa pabenchi ndi phwete. "Azakhali, si apongozi ake amenewo? Madalo wa mayi Everlyn anakwatiwa ndi yani? Paukwati munavina ndinu mpaka chitenje kumasuka!"

Azakhali anagwira pakamwa. Iwo ankangomvera mawu, za chibale anaiwaliratu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, akakumana panjira wina amapatukira m'munda. Chonsecho nyimbo yomaliza imafuna kuti mayi agwire mwana wake kumaso n'kulirira pachifuwa pake.

Anayesa kusintha. A Gift atakhala Isake, anagogoda kwa amayi awo ngati apolisi. Rozina atakhala mayi, analira pang'ono kenaka n'kuphulika kuseka. Zosatheka.

Azakhali anathamangira kumtengo wa mango.

"Mayi a Madalo, n'sewero chabe ili."

"Ine kugwira ndevu za mwamuna wa mwana wanga, Nathenje yonse ikuona? Azakhali, mundiphe kaye."

Anathamangira kuseri kwa tchalitchi kumene Rodgers ananjuta.

"Iwe, pasiteji umakoka anthu malaya. Lero manyazi wawagula kuti?"

"Azakhali, amayiwo akabwera kudzakwera ndimabisala kuseri kwa galimoto. Funsani adalaivala."

Azakhali anakhala pansi pakona pa tchalitchi, mpweya utawathera. Ali pomwepo, Rodgers pofuna kudzitonthoza anayamba kung'ung'udza nyimbo yake kuseriko. Ndipo kumtengo kuja, mayi Everlyn, osadziwa n'komwe, anayankha ndime yawo. Mawu awiri aja anakumana pamwamba pa khoma bwinobwino, eni ake osaonana. Tsitsi la Azakhali linanyamuka.

"Musasunthe! Nonse awiri, musasunthe!"

Analiyatsa liwiro la kwawo, nkhalamba yonse ija, n'kukazula chitseko cha khitchini.

Loweruka anakwera lole yonyamula fodya, Rodgers kutsogolo, apongozi ake kumbuyo kwenikweni, chitseko chili pakati. Pofika nthawi yawo, Rozina anali atauza kale Nathenje yonse kuti awiriwo ndi ndani. Ndiye Azakhali ataimika chitseko kutsogolo n'kuchigwira m'mbali, tchalitchi chinang'ambika ndi kuseka.

"Gwiritsitsani, agogo, chingagwe!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

"Chikagwa mudzaimapo ndinu, mimba yanuyo ikwana!" anayankha Azakhali.

A Gift anakalipa mumgodi, ana mpaka kubisala. Rozina anavina, amayi oonerera n'kumutukwana mokondwa. Kenaka Isake anafika kwawo. Anagogoda.

"Amayi, ndine Isake, ndabwera wopanda kanthu," anayimba Rodgers.

"Isake wanga ndinamulira kale," anayankha mayi Everlyn kuseri, "iwe wogogoda ndiwe yani?"

Kuseka kunazima. Anayankhana choncho, mawu akukwera, ndipo amayi okalamba a pabenchi yakutsogolo, amene amuna awo anapita ku Joni osabwerako, anayamba kupukuta maso ndi zitenje. Wina anakuwa, "Tsegulani, mayi!" Ena n'kulandira, "Tsegulani! Tsegulani!"

Azakhali anagwiritsitsa chitseko. Za kutsegula sanapangane, iwo ankati nyimbo ikatha basi. Koma anamva mayi Everlyn akukankha, ndipo anatsetsereza chitseko pang'ono, kampata kongokwana mkono. Panatuluka dzanja lokha, litagwira kapu ya madzi, mwini wake nkhope atalozetsa kukhoma. Rodgers anagwada, maso pansi, n'kulandira ndi manja awiri.

Nthungululu zake, inu! Mbalame zinathawa padenga.

Potuluka, amayi a kwaya ya ku Nathenje anawazungulira Azakhali. Nyimbo ija ya mumgodi imayamba bwanji? Nanga yogogoda ija? Anapeka ndani?

"Achimwene anga a Jeremiah. Nenani dzinalo kaye, nonse!"

Analinena. Azakhali anagoneka chitseko pansi pa mthunzi, n'kukhalapo, miyendo tambalale.

"Tiyambira yoyamba. Inu a mawu okhuthala, khalani uku."

Dalaivala wa lole analiza hutala mpaka kutopa, kenaka anazimitsa injini n'kubwera kudzaima ndi a mawu okhuthala.