Tione ndi Nati Yokakamira

Chimwalirireni mwamuna wake Mateyu, Tione anali asanaikhudze galimoto ija. Inangoima kuseri kwa nyumba yawo yamalata ku Dunoon, baki yoyera yakalekale imene malemuyo ankasamutsira anthu katundu. Mvula ya mu Juni ndi mphepo yamchere yochokera kunyanja zinaidya mpaka zitsulo zake kufiira ngati katondo. Tayala lakumbuyo linali litaphweratu.

Loweruka lina m'mawa kunatulukira a Clever, akulu ake a malemu, amene ankagwira ntchito yopakira katundu ku Montague Gardens.

"Alamu, ndalankhula ndi ogula zitsulo zakutha. Abwera masana kudzaikoka. Katundu wa mng'ono wanga sangamawolere pano."

"Mwalankhula nawo ngati ndani?" anafunsa Tione.

"Ngati wamkulu pabanja. Inu munthu wamayi, galimoto yakufa muitani? Manati a tayala limenelo ndinayesa ine, anandikana."

Galimotoyo Tione anagula limodzi ndi Mateyu, iye akukolopa m'nyumba za azungu ku Table View mpaka mawondo kuda. Kuyendetsa anamuphunzitsa Mateyu yemweyo. Ndipo mumtima anali atapangana kale ndi mnzake Faridah, woluka tsitsi woyandikana naye nyumba, kuti azikapikula kabichi ndi tomato kumsika wa ku Epping.

Anamanga chitenje cholimba, natulutsa sipanala, hamala ndi jeke pansi pa bedi. Faridah anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kubwera. Anathira mafuta a buleki pa manati onse, nadikira kuti alowerere, kenako Tione anayamba kugogoda ndi hamala. Dzimbiri linayoyoka. Analumikiza paipi yaitali kusipanala kuti mphamvu ichuluke, ndipo manatiwo anayamba kugonja imodziimodzi. Koma yotsiriza inakaniratu.

Tione anakwera papaipi ndi miyendo yonse, nadumpha. Sipanala inapulumuka, iye n'kugwa chagada, chigongono chitasupuka. A Clever, amene anali atakhala pa kireti ya mowa, anaseka chikhakhali.

"Mufera zazii, alamu. Ana aja alere ndani?"

"Amene akuwalera panopa," anatero Tione akupukuta magazi ndi chitenje. "Kapena munabwerako ndi buledi ine kulibe?"

Anthu anali atayamba kusonkhana. Faridah anathamangira kwa bambo wina wowotcherera zitseko nabwereka kachitini ka gasi kolavula moto. Anaiwotcha natiyo mpaka mafuta aja kufuka utsi wonunkha. Tione anakumbukira mmene Mateyu ankachitira: anayamba waikankhira komangira pang'ono, kenako anabweza ndi thupi lonse. Natiyo inalira kweee! ngati chitseko chakale, n'kutembenuka. Amayi amene ankaonerera analuluta.

Akumaliza kumanga tayala lapadera, chigalimoto chokoka zinzake chinafika. Dalaivala wake, Mxhosa wamtali wa chipewa chaubweya, anatsika atagwira tcheni.

"Sisi, galimoto yokoka ndi imeneyi?" anafunsa m'Chingerezi.

Tione anaima kutsogolo kwa baki, sipanala ili m'manja. "Iyi ndi yanga, sikupita kulikonse. Mukafuna chokoka, kokani amene anakuitananiwo."

Dalaivalayo anayang'ana a Clever, anayang'ananso chigulu chija, naponya tcheni m'galimoto mwake. "Hayi, ine za m'banja sindilowerera."

"Poti mwabwera kale, bhuti, tibwerekeni moto wa batire," anatero Tione.

Munthuyo anaseka, natulutsa nthambo. Injini inatsokomola, n'kuzima. Inatsokomolanso, n'kuzimanso. Kachitatu inabangula, utsi wakuda n'kukuta zovala za eni ake pachingwe.

A Clever anadzuka nkhope itagwa. "Ndiimba foni kumudzi. Amva zonse mwachitazi."

"Imbani pompano, mukweze mawu ndilankhule nawo ndekha. Muwauzenso kuti Lolemba ndikuyamba geni."

Sanaimbe. Anangotembenuka n'kumapita, osatsanzika.

Tione analowa m'galimoto, chigongono chikuwawa. Pampando panali pakadali fungo la Mateyu, ndipo misozi inalengeza, koma anaimeza. Faridah anakhala pambali pake, ndipo anatuluka pang'onopang'ono m'kanjira kamatope kaja kulowera kokapopetsa matayala, kasitomala uja akukuwa kumbuyo kuti abwere adzamumalize mutu.