Singano Inakana Mpunga wa Yunike

Singano ya makina oyezera chinyezi inalumpha n'kukaima pofiira. Stanford, kalaliki wa depoti ya mpunga ku Kaporo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Mpunga wanu wakanidwa, mayi. Ndi wonyowa. Wotsatira abwere."

Yunike sanasunthe. Anali mu nsalu yakuda, m'mutu mometa. Mwamuna wake, Hudson, anamwalira mpunga utangodulidwa kumene, ndipo mwambo sunalole kuti wamasiye agwire ntchito abale asanabalalike pamaliro. Matumba anagona m'nyumba osaona dzuwa. Tsono ili linali tsiku lotsiriza kugula, ndipo mlimi wosapereka mpunga, akuluakulu a sikimu ya minda ya mpunga ankamulanda munda.

"Wandikana ndani?" anafunsa Yunike.

"Makinawa. Alibe tsankho amenewa. Kale kuno kunali a Manase, oyesa njere ndi mano. Wobwera ndi nkhuku ndiye mpunga wake unkauma. Munkadandaula ndinu nomwe."

"Manase anali wakuba, eya. Koma ndinamutukwana pabwalo la tchalitchi anthu akuona, anazolika, nkhuku yanga anabweza. Nanga chitsulochi ndikachitukwanire kuti? Chili ndi manyazi? Chinabwera kumaliro?"

Amayi a pamzere anasekera m'zitenje. Stanford anaponya maso kugeti, kumene kunaima a chipani oona makadi a umembala.

"Tsitsani mawu, mayi. Makinawa anatumiza ndi akuluakulu. Ine ndilibe mphamvu."

"Ndiye mukudikira chiyani pampandopo? Nyamukani pakhale makinawo. Muwavekenso jekete lanulo, mubwerere kwanu ku Thyolo mukathyole tiyi."

Yunike anatukwana mu Chinkhonde mawu amene Stanford sanawamve, nakokera matumba ake pakhonde la simenti, pakhomo penipeni pa depoti. Anamasula zingwe, nakhuthula mpunga wonse, nauyala ndi mapazi. Kenako anakhala pansi, miyendo tambalale.

"Pano si poyanika, mayi."

"Ukauma tiyesanso. Ngati ndikukusokonezani, auzeni makinawo adzandichotse okha. Apo ayi, nenani inuyo, ndi pakamwa panupo, anthu onsewa amve kuti mukulanda munda wa ana a Hudson."

A chipani aja anayandikira, akudikira kuti kalaliki alankhule. Dalaivala wa lole yodzatenga mpunga anali ataliza kale injini.

Stanford anayang'ana makina aja. Singano inali itabwerera pamalo pake, itagona phee, ngati sinalakwire munthu.

Anatuluka panja, akulambalala njere za Yunike. Anauza dalaivala kuti azimitse injini akayambe wadya, poti matumba ena anali asanasokedwe. Pobwerera anaima pa njinga yake, imene mthunzi wake unagwera pa mpunga uja, naisunthira kuseri.

Yunike sanathokoze. Anapitiriza kutembenuza mpunga wake.