Katundu wa M'buti

Kawiri konse mwezi umodzi galimoto ya Atelala inathima pamsewu, ndipo kawiri konseko amene anawapeza atanyamula chigubu, thukuta lili kamukamu, anali alamu awo. Pa anthu onse a m'tauni muja, alamu!

Galimotoyo inali ya malemu amuna awo, pulambala uja wokonza mipopi amene anamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Inali yaing'ono, yobiriwira, yokalamba ndithu, koma ndiyo inkadyetsa banja. Atelala ankasoka mayunifolomu a sukulu zinayi, iliyonse kumbali yakeyake, ndipo mphunzitsi wamkulu safuna kumva zoti minibasi inachedwa. Vuto linali limodzi: kagalimotoko kankamwa mafuta ngati lole.

Lamlungu masana alamu aja anabwera. Anali akulu awo a malemu, munthu wa mawu ofewa ndi manja aatali. Anadzikhazika pampando wa malemu popanda wowalozera.

"Mlamu, tisabisane," anayamba motero. "Galimoto ndi chilombo. Imafuna kudya ngakhale tsiku limene mwini wake wagona ndi njala. Anthu akukuonani ndi chigubu pamsewu, ndiye dzina lonyozeka ndi lathu. Katundu wa mng'ono wanga ndi katundu wa banja. Bweretsani makiyi, ndikakusungireni mpaka ana akule."

Kusunga kwa alamu Atelala ankakudziwa bwino. Njinga yamoto ya malemu inapitanso kukasungidwa, ndipo panopa inkanyamula anthu pasiteji. Mtima unawawira, pakamwa n'kuthamanga kuposa mutu.

"Alamu, ikadzathimanso pamsewu mudzabwere mudzaitenge. Koma isanathime, makiyi awa muzingowaona ndi maso."

"Mwanena nokha," anatero alamu, akumwetulira ngati munthu amene watola kale chikwama.

Kuyambira Lolemba Atelala anayamba nkhondo ndi mafuta. Ankanyamuka m'mawa kwambiri, mzere wa magalimoto usanayambe, kuti asamangoima injini ikulira. Maulendo atatu ankawalumikiza kukhala umodzi: kusukulu, kogula nsalu, kenako kunyumba. Choziziritsa mpweya anachiiwala, ankangotsitsa zenera n'kumapsa. Phazi ankaliika pang'onopang'ono ngati akuponda makina osokera pa nsalu ya eni. Madalaivala am'mbuyo ankaimba mahutala, ena n'kutulutsa mutu: "Mayi, mukupita kumaliro?" Iwo ankangoyang'ana kutsogolo, chibwano m'mwamba.

Chimene chinkawatonthoza m'maulendo otenthawa chinali phokoso la kumbuyo. Galimoto ikangogunda kadzenje, m'buti munkamveka gobede gobede, zitsulo za malemu zikugundana. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati analimva phokoso limenelo, ndipo ankalidandaula tsiku ndi tsiku. Tsopano linkawachititsa kumva ngati sali okha. Buti sanalitsegulepo chimwalirire amuna awo. Mayunifolomu ankawaunjika pampando wakumbuyo, mpaka ena pamiyendo pa mwana wawo wamkazi akamamutula kusukulu.

Khama lonselo linathandiza, koma pang'ono. Pofika Lachinayi kamuvi ka mafuta kanali katagona kale pa chofiira, pomwe mafutawo anayenera kuwafikitsa Loweruka. Mantha anawagwira, mantha enieni. Anakhotetsa galimoto n'kulowa pagalaja ya Sipanala, makaniko wachikulire amene anali mnzawo wa malemu.

"Ikumwa, achimwene," anatero Atelala. "Ndayesa zonse. Mwina ili ndi chiboo."

Sipanala anagona pansi pa galimoto, sanapeze podontha. Anamasula mapulagi, anali abwino. Anaomba sefa ya mpweya, fumbi linali lochepa. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe asanu, akupukuta manja, n'kuyang'ana galimoto cham'mbali mutu utapendekeka.

"Mlamu, tabwerani muone. Galimoto yanu yakhala pansi ngati galu wopempha fupa. Mphuno kumwamba, kumbuyo pansi. Matayala akumbuyowa aphwathalala. Kumbuyoku kuli chiyani?"

"Zinthu za anzanu."

"Tatsegulani."

"Ayi."

Sipanala sanaumirire. Anakhala pa tayala lakale n'kuyankhula motsitsa mawu. "Mnzanga uja ndinkamudziwa. Sankataya ngakhale msomali wopindika. Koma iye akapita kuntchito ankatsitsa theka la katundu, n'kupopa matayala sabata iliyonse. Inu mukukwera naye zitunda zonse za m'tauni muno. Galimoto singanyamule anthu atatu onenepa tsiku lililonse osafunsa mafuta."

Atelala anaima nthawi yaitali, makiyi ali m'manja. Anakwiya ndi Sipanala, anakwiya ndi alamu, anakwiyanso ndi malemu amene anachoka osalongosola ngakhale buti lake. Mkwiyo umenewo ndi umene unawapatsa mphamvu yopotokola kiyi.

Fungo linayamba ndilo kutuluka, fungo la girizi ndi guluu wa mapaipi, fungo la manja a amuna awo. M'katimo munali mabokosi awiri achitsulo odzaza zipangizo, pampu ya madzi yakufa, mabatire awiri akale, mapaipi odukaduka, ndowa ya mipopi yadzimbiri, sinki yosweka pakona, ndi thumba la simenti limene linauma kukhala mwala. Pamwamba pa zonsezi panali ovolosi ya buluu yopindidwa bwinobwino, ili ndi chigamba pabondo chimene Atelala anasoka okha.

Analira pomwepo pagalaja, osabisa nkhope. Sipanala anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene sichinasowe.

"Zitsulozi ndikhoza kukuitanirani wogula zakale," anatero patapita nthawi.

Atelala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mabokosi a zipangizo mundisungire kuno, mwana wanga wamkazi amakonda kumasula zinthu. Zotsalazo zili ndi mwini wake. Ingondipoperani matayala."

Kwa alamu kunali kokwera. Kagalimoto kanakwera chitundacho kakubuula, kamuvi kali pa chofiira, zitsulo zikuimba gobede gobede, ndipo Atelala anatsitsa wailesi kuti amve bwino. Ankadziwa kuti akulimva komaliza.

Anapeza alamu ali pakhonde, akuwerenga nyuzipepala. Ataona galimoto ikulowa pageti, nkhope inawala. Anaimirira atatambasula kale dzanja.

"Mwaganiza bwino, mlamu. Palibe chamanyazi apa."

Atelala anaimika galimoto chafutambuyo pafupi ndi masitepe, n'kutsegula buti. Batire yoyamba inatera pansi, di! Yachiwiri pambali pake. Kenako pampu, mapaipi, ndowa ya mipopi. Sinki anaikhazika bwinobwino pa sitepe yoyamba. Thumba la simenti analigubuduza ndi manja awiri mpaka linagwera pa maluwa a akazi awo a alamu. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pampanda.

"Kodi ndi chiyani chimenechi?" alamu anafunsa, dzanja lija litabwerera m'thumba.

"Katundu wa mng'ono wanu, alamu. Munati ndi wa banja. Ndamunyamula ndekha miyezi isanu ndi itatu, mafuta ake ndikugula ndekha, inu osafunsa n'komwe kuti akulemera bwanji. Lero ndi nthawi yanu. Sungani mpaka ana akule."

"Ine ndimanena galimoto!"

"Galimoto yathima?"

Injini inali ikulirabe kumbuyo kwawo, mofatsa. Alamu anayang'ana galimoto, anayang'ana anthu a pampanda, anayang'ana sinki.

Atelala anatenga ovolosi, anaikung'untha fumbi, n'kuiika pampando wakutsogolo pambali pawo. Imeneyo sinkalemera.

Potsika chitunda galimoto inali ina. Kumbuyo kunali kutadzuka, chiwongolero chikumvera ndi chala chimodzi. Anaima pomwetsera mafuta n'kuthira omwe aja a masiku onse, ndipo mumtima anadziwa kuti ulendo uno awafikitsa. Makiyi anali awo, ndipo palibe amene akanawachotsa m'manja mwawo.

Pafupi ndi kunyumba panali kadzenje kamene ankakadziwa kuyambira kale. Sanakalambalale. Tayala linalowamo, galimoto inadumpha, ndipo kumbuyo kunali zii. Atelala anamva kuwawa pachifuwa, kuwawa kumene sanamve ngakhale tsiku la maliro. Anagwira chigamba cha pabondo la ovolosi ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pachiwongolero, n'kupitiriza ulendo. Mayunifolomu makumi atatu ankawadikira kuti awaike mabatani, ndipo mawa onsewo akalowa m'buti.