Manda a Mayi ku Santa Ubalda

Bambo Floridor Tapia sankadziwanso pomwe panagona mayi awo. Mgodi wa Santa Ubalda utatsekedwa, anthu anabalalika, tauni inasanduka bwinja m'chipululu, ndipo mphepo ya mchenga inafufuta mayina pa mitanda yamatabwa. Tsiku loyamba la Novembala, lomwe ana a ku mgodiko amabwerera kukaona manda, linali pafupi. Miyendo yawo inali itayamba kukana, ndipo ankadziwa kuti ulendowu mwina ndi wotsiriza.

Mwana wawo Nolfa anafunsa pa tsamba la pa intaneti la anthu a ku Santa Ubalda, lomwe aliyense ankatha kuwerenga. Palibe wachikulire anayankha. Chaka chapitacho wina anaikapo zithunzi za manda ndi njira yake, ndipo anthu osadziwika anakazula mitanda yachitsulo n'kukagulitsa. Kuyambira pamenepo odziwa anatseka pakamwa.

Nolfa anakadandaulira mayi Herminda, ogwira ntchito ku laibulale ya kwawo ku Iquique. Iwo anamulangiza kutsegula gulu la imelo la iwo okha. Munthu akalemba kalata imodzi imafika kwa onse, wakunja saiona, makalata akale satayika, ndipo wofuna kulowa amayamba wavomerezedwa.

"Nanga wakuba tidzamudziwa bwanji, mayi?" anafunsa Nolfa.

"Funsa bambo ako. Pali zomwe amadziwa mwana wa ku mgodi yekha."

Bambo Floridor anaganiza tsiku lonse, kenaka anapereka funso loyesera olowa: ana opanda tikiti ankalowera pati ku nyumba ya kanema? Mayankho anayamba kubwera. Ankalowera pa lata long'ambika, kuseri kwa ophika buledi. Mwezi usanathe, gululo linali ndi anthu makumi anayi. Ankakumbutsana za mluzu wa m'mawa woitanira anthu ku ntchito, magule a Loweruka, ndi mpira wa pa bwalo la mchere lomwe linkasenda mawondo. Nolfa akamawawerengera makalatawo, bambo ake ankangodikira kuti wina atchule za manda a mayi awo.

Kenaka inafika kalata ya mayi Uberlinda, ochokera ku Antofagasta.

"Floridor Makutu, ukadali moyo? Ndinkayesa makutu ajawo anakuulutsa kalekale. Mayi ako ali pa mzere wachitatu kuchokera pa chipata cha manda, pambali pa kamanda kotchingidwa ndi bedi lachitsulo la mwana. Ndinalipo tsiku la maliro awo. Pa tsamba lija sindikananena."

Tsiku loyamba la Novembala litafika, anthu anayi a m'gululo anadikira bambo Floridor ndi Nolfa pa chipata cha manda. Anawerenga mizere limodzi, anapeza kabedi kadzimbiri, ndipo Nolfa analembanso dzina la agogo ake ndi penti yakuda. Bambo Floridor anavula chipewa.

Ngati muli ndi gulu pa intaneti ndipo nkhani zanu n'zofunika kuzisamala, tsegulani gulu la imelo la inu nokha, ndipo muzivomereza okhawo omwe mukuwadziwa. Anthu amamasuka akadziwa amene akuwamvetsera.